LAWRENCE KATILUNGU: MPHUNZITSI AMENE ANAGWIRIZANITSA ANCHITO A M'MIGODI

Mwa anthu amene anayamba kuphunzitsa anchito a dziko lino kulankhula ndi liu limodzi, palibe amene dzina lace limveka koposa la Lawrence Chola Katilungu. Munthu ameneyu anayamba nchito ali mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, koma pambuyo pace analowa pansi pa mgodi, ndipo m'caka ca 1949 anasankhidwa kukhala mtsogoleri woyamba wa bungwe la anchito akuda a m'migodi ya mkuwa. Mbiri yace iyenera kudziwika pakati pa aphunzitsi, pakuti iyankha funso limene wanchito ali yense amadzifunsa pa tsiku la malipiro, poona kuti ndalama zina zapita ku bungwe: kodi ndalama zimenezi zimgulira ciani?

Yankho lace lioneka poyerekeza zaka zitatu, 1935, 1940 ndi 1952. Pa zaka zonsezi anthu a m'migodi analeka nchito cifukwa ca madandaulo ao. Kawiri koyamba anabwerako ndi maliro. Kacitatu anabwerako ndi malipiro okwera, popanda ndi mmodzi yemwe wophedwa. Cimene cinasintha pakati pa zaka zimenezi ndico nchito ya Katilungu ndi anzace.

Ubwana wace ndi nchito yoyamba

Katilungu anabadwa m'mwezi wa February, 1914, ku cigawo ca Kumpoto ca dziko limene pa nthawiyo linali kuchedwa Northern Rhodesia. Anali Mbemba, mdzukulu wa mfumu ina yaing'ono. Ataphunzira kuwerenga ndi kulemba, anapatsidwa nchito ya uphunzitsi m'sukulu ya mishoni.

Malipiro a mphunzitsi wa kumudzi anali ocepa ndithu masiku amenewo, ndipo msonkho wa Boma unali kufuna ndalama, si mawere kapena cinangwa iai. Cifukwa cace anyamata a m'midzi ya Abemba, monganso a ku Fort Jameson, ku Petauke, ku Barotseland ndi ku Nyasaland, anali kunyamuka caka ndi caka kunka kumene kunali ndalama. M'caka ca 1936, ali ndi zaka 22, Katilungu nayenso anasiya coko, napita ku mgodi wa Nkana, pafupi ndi Kitwe. Anayamba ndi nchito ya pansi, pamodzi ndi anthu osaphunzira, ndipo patapita nthawi anakwezedwa kukhala kalaliki wolemba anthu ofuna nchito. Motero anadziwa mbali zonse ziwiri: kutentha ndi fumbi la pansi pa mgodi, ndiponso macitidwe a mu ofesi, m'mene munali kulembedwa dzina ndi mtengo wa munthu ali yense. Atsogoleri ambiri amadziwa mbali imodzi yokha. Iye anadziwa kulankhula ndi wogwira fosholo, nadziwanso kuwerenga mapepala a kampani.

Moyo wa m'migodi

Migodi yaikuru ya mkuwa inali inai: Roan Antelope ku Luanshya, Nkana ku Kitwe, Mufulira, ndi Nchanga ku Chingola. Eni ace anali magulu awiri a makampani. Anglo American inali kuyang'anira Nkana ndi Nchanga, ndipo Rhodesian Selection Trust inali ndi Roan Antelope ndi Mufulira.

Munthu wakuda sanali kulipidwa pa mwezi koma pa tikiti. Tikiti linali kudzala akagwira nchito masiku 30, kotero kuti, pocotsa masiku a Sabata ndi masiku a matenda, malipiro anali kufika patapita milungu isanu kapena kuposa. Pamwamba pa ndalama anali kulandira phoso ndi kanyumba m'komboni. Ca m'ma 1940 munthu woyamba nchito kunja kwa mgodi anali kulandira 12s. 6d. pa tikiti, ndipo woyamba nchito ya pansi 22s. 6d. Mzungu wogwira nchito m'mgodi womwewo anali kulandira pa tsiku limodzi ndalama zoposa zimene munthu wakuda woyamba nchito anali kulandira pa tikiti lathunthu. Nchito zaluso zonse zinali za Azungu, ndipo Azunguwo anapanga bungwe lao m'caka ca 1936, limene linali kulondera kuti munthu wakuda asazikhudze.

Anthu akuda analibe bungwe. M'malo mwace munali akulu a mitundu, dongosolo limene linayamba ku Roan Antelope m'caka ca 1931. Mtundu uli wonse unali kusankha mkulu wace, Abemba wao, Angoni wao, Ansenga wao, Alozi wao, ndipo akuluwo anali kuweruza milandu ya m'komboni ndi kunyamula madandaulo kunka nao kwa Mzungu woyang'anira komboni. Pa milandu ya ukwati ndi ya maliro anathandiza ndithu. Koma pa nkhani ya malipiro analibe mphamvu, pakuti malipiro sayang'ana mtundu. Mbemba ndi Mcewa ogwira nchito imodzi anali ndi bvuto limodzi, koma dongosololi linali kuwatuma kwa akulu awiri osiyana.

Mwazi wa 1935 ndi 1940

M'mwezi wa May, 1935, caka cimodzi Katilungu asanafike ku Nkana, Boma linakweza msonkho wa anthu okhala ku migodi kucokera pa 12s. 6d. kufika pa 15s., ndipo nkhaniyi inalengezedwa modzidzimutsa. Anthu analeka nchito ku Mufulira, kenaka ku Nkana, kenakanso ku Roan Antelope. Uthenga unayenda mwa makalata ndi mwa magulu a gule wa Mbeni, koma panalibe mtsogoleri wodziwika amene akadakhala pansi ndi eni migodi m'dzina la onse. Ku Roan Antelope khamu linasonkhana pa ofesi ya komboni, miyala inaponyedwa, apolisi anaomba mfuti, ndipo anthu 6 anafa. Akulu a mitundu, amene anayenera kukhala pakamwa pa anthu, sanamvedwe ndi khamulo.

M'mwezi wa March, 1940, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ili mkati ndipo mkuwa uli kufunika kwambiri, Azungu a ku Mufulira ndi ku Nkana anacita sitalaka, nalandira zambiri za zimene anapempha. Anchito akuda anaona zimenezi ndi maso ao, nati nawonso ayese. Makampani anawalonjeza 2s. 6d. pa tikiti, koma anthu anakana, naleka nchito. Katilungu anali mmodzi wa atsogoleri a sitalaka imeneyi ku Nkana. Pa 3 April, pamene ena amene sanaleke nchito anafika kudzalandira malipiro pa ofesi ya komboni, khamu linalimbana nao, ndipo asilikari anaomba mfuti. Anthu 17 anafa, ndi ena oposa 60 anabvulala.

Boma linaika akulu ofufuza, motsogozedwa ndi Sir John Forster, ndipo malipiro anakwera pang'ono. Koma phunziro lace linali loonekeratu kwa munthu woganiza. Azungu ndi anthu akuda analeka nchito m'migodi yomweyo, m'mwezi womwewo, pa nkhani imodzimodzi ya ndalama. Azungu anali ndi atsogoleri osankhidwa, mabuku a maina, thumba la ndalama, ndi njira yodziwika yokambirana ndi makampani. Anthu akuda anali ndi mkwiyo ndi unyinji wao basi. Khamu litha kuimitsa mgodi, koma silitha kusaina pangano, ndipo silitha kuletsa mnyamata mmodzi wotentha mtima kutola mwala.

Kubadwa kwa bungwe

Itatha nkhondo, cipani ca Labour cinalowa m'boma ku Britain m'caka ca 1945, ndipo cinaganiza kuti nkwabwino anchito a m'maiko olamulidwa akhale ndi mabungwe olongosoka kusiyana ndi kumadzuka ndi cipolowe. M'caka ca 1947 anatumiza ku Northern Rhodesia munthu wa ku Scotland, William Comrie, wodziwa za mabungwe a anchito, kuti aphunzitse anthu kalembedwe ka malamulo a bungwe, kasungidwe ka ndalama ndi kayendetsedwe ka misonkhano. Pa nthawi yomweyo atsogoleri ena a bungwe la Azungu anafuna kuti anthu akuda alowe ngati nthambi pansi pa bungwe lao. Anchito akuda anakana, pozindikira kuti bungwe limene linawatsekera nchito zaluso silingakhale mbusa wao.

M'mwezi wa February, 1948, anchito a ku Nkana anapanga bungwe lao, nasankha Katilungu kukhala mtsogoleri. Migodi inayo inatsatira, ndipo m'mwezi wa March, 1949, mabungwe onsewa anaphatikizana kukhala limodzi, lochedwa African Mineworkers' Union, Katilungu ali pulezidenti, Simon Kaluwa ali mlembi wamkuru. M'caka comweco makampani analibvomereza, ndipo Boma linaika lamulo lolola mabungwe a anchito kulembetsedwa.

Kubvomerezedwa kumeneku ndiko kunali phindu loyamba, ndipo nkoyenera kumvetsa tanthauzo lace. Kale munthu wocotsedwa nchito popanda cifukwa, kapena womenyedwa ndi kapitao, anali kupita yekha kukadandaula kwa munthu yemweyo amene anali ndi mphamvu yomcotsa. Tsopano anali kupita kwa mlembi wa nthambi yace, ndipo mlembiyo anali kunka naye kwa akulu a mgodi, mlanduwo nulembedwa. Ukakanika pa mgodipo unali kukwera kwa atsogoleri a bungwe lonse, amene anali kukomana ndi oimira makampani onse. Akalephera kumvana, Boma linali kutumiza woyanjanitsa. Ndipo akalepheranso, mlandu unali kutha kuperekedwa kwa mkhalapakati, woweruza wosakhala wa mbali iri yonse. Sitalaka inasanduka cida cotsiriza, cotulutsidwa njira zonsezi zitayesedwa ndipo anthu ataponya voti. Posacedwa mabungwe ena a anchito akuda anagwirizana ndi la m'migodi kupanga msonkhano waukuru wa mabungwe onse, ndipo Katilungu anasankhidwanso kuutsogolera.

Sitalaka ya 1952

Kuyesedwa kwa bungweli kunafika m'caka ca 1952. Mtengo wa mkuwa unali utakwera, makampani anali kupindula kwambiri, ndipo Azungu anali kulandira bonasi yokwera pamodzi ndi mtengowo. Bungwe linapempha kuti wanchito wakuda ali yense aonjezeredwe 2s. 8d. pa tsiku. Zokambirana zinalephereka, anthu anaponya voti, ndipo m'mwezi wa October anchito oposa 30,000 analeka nchito m'migodi yonse inai.

Sitalakayo inakhala milungu itatu. Cimene cinadabwitsa Boma ndi makampani ndi bata lace. Anthu amene zaka 12 zapitazo anaomberedwa pa ofesi ya komboni, tsopano anali kusonkhana pa bwalo kumva mau a atsogoleri ao, nabwerera ku nyumba zao mwamtendere. Asilikari analibe comuombera munthu. Katilungu anadziwa kuti mwala umodzi ukadapatsa adani a bungwe cifukwa colithetsera, ndipo khama lace lonse linali pa kusunga anthu pamodzi ndi kuwasunga odekha.

Potsiriza mbali zonse ziwiri zinabvomera kupereka mlandu kwa mkhalapakati, C. W. Guillebaud, mphunzitsi wa za cuma wa ku Cambridge. M'mwezi wa January, 1953, iye anagamula kuti malipiro akwere ndi ndalama zoyambira pa 1s. 2d. kufika pa 1s. 8d. pa tsiku, monga mwa gulu la nchito ya munthu. Pa tikiti la masiku 30 kumeneko ndiko kuonjezera 35s. kwa otsika ndi 50s. kwa okwera. Sizinafike pa 2s. 8d. imene anapempha, koma kunali kukwera kumene anchito akuda a m'migodi anali asanakuonepo. Pa nthawiyo cobvomerezeka ca membala cinali 6d. pa mwezi. Munthu amene anapereka 6d. anabwezeredwa 35s. pa tikiti liri lonse, ndipo ndalamazo zinafika kutali ndi Copperbelt: zinalipira msonkho wa makolo, zinagula mabulangete ndi njinga, zinalipirira ana sukulu m'midzi ya ku Luapula ndi ya kum'mawa.

Nkoyenera kuchulanso kuti kukweraku kunafika kwa onse, olowa m'bungwe ndi osalowa omwe. Osalowawo anadya za m'munda umene sanalime. Cikhala cotero ndi bungwe liri lonse, ndipo ndico cifukwa cace funso la kulowa liri funso la cikumbumtima, si la phindu lokha iai.

Mtundu ndi nchito

M'mwezi wa March, 1953, bungwe linapempha kuti anchito aponye voti pa nkhani ya akulu a mitundu, ngati akhalebe kapena acotsedwe. Mwa anthu 10 ali onse amene anaponya, oposa 9 anati acotsedwe. Katilungu mwini anali wa banja lacifumu, ndipo sananyoze mwambo wa makolo. Koma anaona kuti pa nkhani za nchito munthu ayenera kuimiridwa monga wanchito. Anthu sanaleke kukhala Abemba kapena Acewa. Anapitiriza kubvina magule a kwao ndi kuika maliro monga mwa mwambo wao. Anangozindikira kuti pa khomo la mgodi m'bale wa munthu ndi iye amene alowa naye m'cikepe cimodzi kutsikira pansi. Katswiri wa za cikhalidwe ca anthu, A. L. Epstein, amene anakhala ku Luanshya pa zaka zimenezi, analemba buku lofotokoza kusintha kumeneku, lofalitsidwa m'caka ca 1958.

Mpanda wotsekera anthu akuda nchito zaluso unayambanso kugwedezeka. Kale m'caka ca 1948 akulu ofufuza otsogozedwa ndi Andrew Dalgleish anali atanena kuti nchito zina za Azungu zipatsidwe kwa anthu akuda, koma bungwe la Azungu linakana, ndipo mau ao anagona m'kabati. M'caka ca 1955, bungwe la anthu akuda litaonetsa mphamvu zace, ndiponso Ronald Prain wa Rhodesian Selection Trust ataumirira, mitundu 24 ya nchito inacotsedwa m'manja mwa Azungu. Unali mng'alu waung'ono, koma madzi anayamba kudutsa pamenepo.

Zaka za mabvuto

Mbiri ya bungweli siinali ya kupambana kokha, ndipo kugwa kwace kuphunzitsa monga kukwera kwace. M'caka ca 1953 atsogoleri anakweza cobvomerezeka kucokera pa 6d. kufika pa 2s. 6d. pa mwezi. Kufikira nthawiyo makampani anali kudula ndalamayo pa malipiro ndi kuipereka ku bungwe. Tsopano anakana kutero. Munthu ali yense anayenera kutulutsa yekha ndalama m'thumba, ndipo ambiri amene anakondwa ndi cigamulo ca Guillebaud analeka kupereka. Maina m'mabuku anacepa, thumba linapepuka, ndipo kunamveka madandaulo pa kasungidwe ka ndalama za bungwe.

M'mwezi wa January, 1955, bungwe linaitananso sitalaka, popempha 10s. 8d. pa tsiku. Anthu anapirira masiku 58. Koma makampani anacotsa nchito onyanyalawo, nayamba kulemba anthu atsopano ocokera m'midzi, ndipo potsiriza anchito anabwerera osalandira cimene anapempha. Pempho linali lalikuru koposa mphamvu ya thumba lao.

Bala lalikuru koposa linacokera m'kati. Makalaliki, omasulira, akapitao ndi ena ophunzira anayamba kuona kuti bungwe lisamala kwambiri anthu a fosholo, napanga lao, lochedwa Mines African Staff Association, motsogozedwa ndi Godwin Mbikusita Lewanika. Makampani analilandira, nalamula kuti onse okwezedwa pa nchito zina alipidwe pa mwezi ndi kucoka m'bungwe lalikuru. Motero anthu odziwa kuwerenga mapangano ndi kulemba makalata, amene anali mitsempha ya nthambi, anacotsedwa pakati pa anzao. M'caka ca 1956 anchito anacita masitalaka otsatizana, mgodi uwu lero, mgodi winawo mawa, pokana zimenezi. M'mwezi wa September Boma linalengeza lamulo la nthawi ya ngozi ku Copperbelt, ndipo atsogoleri ambiri a bungwe, pamodzi ndi mlembi wamkuru Matthew Nkoloma, anamangidwa, ena natumizidwa kukakhala ku midzi kutali ndi migodi. Katilungu sanali ku Copperbelt pa masiku amenewo, ndipo sanamangidwe. Atabwera anauza anthu kubwerera ku nchito, nayamba kumanganso bungwe ndi anthu otsala. Ena anamthokoza kuti anapulumutsa bungwe kuti lisafe; ena anamnena kuti anasiya anzace m'ndende.

Bungwe ndi ndale

Pa zaka zomwezi dziko linali kulimbana ndi Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinayamba m'caka ca 1953. Katilungu anali wotsutsa Citaganya, koma anakhulupirira kuti bungwe la anchito lisakhale cida ca cipani. M'mwezi wa April, 1953, pamene Harry Nkumbula wa African National Congress anaitana anthu kuti aleke nchito masiku awiri a mapemphero, anchito a migodi yambiri anatsikira pansi monga mwa masiku onse, ndipo a Congress anaika mlandu pa Katilungu. Maganizo ace anali akuti bungwe limene linangolandira kumene cigamulo ca Guillebaud likadataya zonse, anthu nacotsedwa nchito, pa nkhondo imene silikadaipambana pa masiku awiri. Otsutsana naye anati malipiro alibe pokhazikika m'dziko limene eni ace alibe ulamuliro. Mbali zonse ziwiri zinali ndi coonadi cace, ndipo mkangano womwewo unabukanso kangapo pakati pa mabungwe ndi Boma dziko litalandira ufulu.

M'caka ca 1960 anakhala m'gulu la Monckton, limene Boma la Britain linatuma kudzafufuza za tsogolo la Citaganya, pamene zipani za anthu akuda zinali zitagwirizana kulikana. Cimeneci cinamtayitsa abwenzi ambiri, makamaka acinyamata otsata cipani catsopano ca UNIP. Anthu omwewo amene anamkweza anamtsitsa pa mpando, ndipo John Chisata analowa m'malo mwace. Ngakhale cimeneci cionetsa ubwino wa bungwe lolongosoka: mtsogoleri, angakhale ndiye analiyambitsa, ali pansi pa anthu amene anamsankha.

M'caka ca 1961, Nkumbula ali m'ndende, Katilungu anagwirizira mpando wa utsogoleri wa African National Congress. Pa 9 November caka comweco anafa pa ngozi ya galimoto, ali ndi zaka 47. Sanaone kutha kwa Citaganya m'caka ca 1963, kapena mbendera ya Zambia ikukwera pa 24 October, 1964.

Cimene anasiya

Bungwe limene anayambitsa silinafe naye. M'caka ca 1966, anchito a m'migodi atalekanso nchito, akulu ofufuza otsogozedwa ndi Roland Brown ananena kuti malipiro ao akwere ndi magawo 22 pa 100. M'caka ca 1967 linatenga dzina la Mineworkers' Union of Zambia, ndipo nyumba ya likulu lace ku Kitwe inachedwa Katilungu House. Ufulu wa wanchito kulowa m'bungwe, umene anthu a 1935 ndi 1940 analibe, unalembedwa m'malamulo a dziko.

Mphunzitsi wa kumudzi angaganize kuti nkhani ya migodi iri kutali ndi iye. Kunena zoona, iye ali pa malo obvuta koposa a wokumba mkuwa. Anthu a m'mgodi anali kugona m'komboni imodzi ndi kutsikira pansi pa khomo limodzi, kotero kuti kuwasonkhanitsa kunali kwapafupi. Aphunzitsi amwazikana awiri awiri kapena atatu atatu m'masukulu otalikirana ulendo wa tsiku lathunthu pa njinga. Malipiro akacedwa, nyumba ikadontha, munthu akasamutsidwa popanda cifukwa comveka, kapena ndalama za wopuma nchito zikasowa m'mabuku, ali yense ayesa kuti tsokalo ndi lace yekha, nalemba kalata yace imene iyankhidwa mocedwa kapena osayankhidwa konse. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Kalata yomweyo ikafika m'dzina la aphunzitsi a boma lonse, yolembedwa ndi mlembi wosankhidwa, yochula masiku ndi ndalama zace molongosoka, iwerengedwa ndi maso ena.

Moyo wa Katilungu uonetsanso mtengo wa phindu limeneli. Bungwe linapambana m'caka ca 1952 pamene anthu analowa ambiri, napereka 6d. yao, namvera cimene anagwirizana pa msonkhano. Linafooka pamene analeka kupereka, pamene anapempha koposa mphamvu zao, ndi pamene ophunzira anadzipatula kwa osaphunzira. Pa mfundo yotsirizayi mphunzitsi ali ndi mlandu wapadera, pakuti m'mudzi ndiye kawirikawiri wodziwa kulemba zokambidwa pa msonkhano, kuwerengera ndalama za gulu, ndi kumasulira lamulo kwa anzace. Luso limeneli ndilo Katilungu anacoka nalo m'kalasi, ndipo sanalisunge kuti adzikweze nalo yekha mu ofesi ya kampani. Analipereka kwa anthu amene anagwira nao nchito pansi pa mgodi wa Nkana.